Kodi pakamwa pali ndi mtengo?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tipite kutali pang'ono, ku California m'dziko la America. Makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Los Angeles kuli famu yotchedwa Tejon Ranch, ya maekala 270,000. Amawetako ng'ombe, amalimako mphesa, ndipo m'mapiri mwake mumauluka condor, mbalame yonga muimba. Mu 1987 mbalamezi zinangotsala 27 dziko lonse lapansi.

Mwini famuyi ndi kampani, ndipo inkafuna kumangapo matauni. Mu 2008 inagwirizana ndi mabungwe asanu oteteza chilengedwe, kuphatikizapo Sierra Club ndi Audubon California, kuti pa maekala 240,000 pasadzamangidwe matauni mpaka kalekale. Mabungwewo nawo analonjeza kuti zomanga pa maekala 30,000 otsalawo sadzazitsutsa, ndipo kukhoti sadzapita. Kunena mosapsatira, anapereka pakamwa pawo.

Kodi analakwa? Ine sindifulumira kuwaweruza. Malowo sanali awo, komanso sanali a boma. Akanakana, bwenzi akuthamanga m'makhoti zaka ndi zaka, apa kupambana, apo kugonja, famu ikudyedwa pang'onopang'ono ngati chigwada cha m'munda wa kunjira. Komanso tisaiwale, California ili ndi vuto lalikulu la nyumba. Amene akugona m'galimoto chifukwa lendi yamukanika simungamuuze kuti mbalame ndiye zofunika kuposa iye.

Koma mtima wanga sukhazikika. Bungwe loteteza chilengedwe chuma chake ndi mawu basi. Anthu amalikhulupirira chifukwa amadziwa kuti likaona choipa lifuula. Tsono likalonjezeratu kukhala chete pa zinthu zimene sizinachitike n'komwe, lalonjeza m'malo mwa ndani? Zoopsa zina zimaoneka mochedwa. Tauni ya Centennial, ya nyumba zoposa 19,000, anakonza zoimanga pamalo a udzu, kumene moto wolusa suchedwa. Mu 2021 woweruza ku Los Angeles anaimitsa chilolezo chake ponena kuti nkhani ya moto ndi ya mpweya wotenthetsa dziko sizinaunikidwe mokwanira. Anakasuma ndani? Mabungwe amene sanasayine nawo, monga Center for Biological Diversity. Ndiye kuti asanu aja ulemu wawo unatetezedwa ndi anzawo okana, amene panthawiyo ankaoneka ngati amakani chabe.

Palinso kena kondisowetsa mtendere. Pofuna kuyang'anira malo osungidwawo, anakhazikitsa bungwe la Tejon Ranch Conservancy. Ndalama zoliyendetsera m'tsogolo anati zizidzachokera pa kagawo ka mtengo wa nyumba zogulitsidwa pafamupo. Tangoganizani, mlonda wa nkhalango amene malipiro ake akudikira kuti njerwa zikwere! Nyumba zikachedwa, iye njala. Munthu wotere, ngakhale atakhala woongoka mtima chotani, akamva kuti khoti laimitsa zomanga, kaya amasangalala kaya amawerenga za m'thumba.