Kodi Pali Nsomba Yachabechabe?

Ku Utah, m'dziko la America, mtsinje wa Green umadutsa m'chipululu. Nyengo yofunda asodzi amakhamukirako kukaŵedza nsomba za trout ndi mbedza zovekedwa nthenga ngati tizilombo touluka. Nsombazi zimakonda madzi ozizira otuluka m'damu la Flaming Gorge.

Komatu chisangalalochi chinadza ndi maliro. M'chaka cha 1962 aboma anathira mankhwala a rotenone mumtsinjewu kuti nsomba zimene ankaziyesa zachabechabe zife, trout zipeze malo. Eni mtsinje, monga pikeminnow, anafera momwemo, ndipo madzi ozizira aja anapirikitsa otsala.

Kodi munthu angatche cholengedwa chachabechabe chifukwa choti sichimsangalatsa? Iyayi. Pikeminnow inali mumtsinjemo msodzi asanabadwe, ndipo kufunika kwake sikuyezedwa ndi mbedza.