Mlandu wa Munthu Wopanda Abale

Buku la nthano m'makomboni a Blantyre silikhalitsa m'nyumba imodzi. Wina amaligula kwa anyamata oyala mabuku akale m'makhonde a sitolo ku Limbe kapena m'tauni, mnzake wa ku Bangwe amalibwereka, kenaka limakatulukira ku Machinjiri chikuto chitathothoka, masamba omalizira atamatidwa ndi selotepi. Buku latsopano ndi lodula kwa munthu wolandira malipiro a m'mafakitale a ku Makata, choncho anthu amabwerekana, ndipo kubwerekanako kumabala kukambirana. Mwini buku akakumana ndi wobwereka amafunsa kuti, "Mwafika pati?" Mnzakeyo akangotchula pamene wafika, mtsutso wayamba: mkazi uja analakwa kuchoka pabanja kapena ayi, mnyamata uja akanaulula kapena anachita bwino kukhala chete. Anthu ena opemphera amaona zimenezi ngati kutaya nthawi, ndipo ena amafika ponena kuti ndi tchimo, poti nkhanizo n'zopeka, ndipo chopeka kwa iwo n'chimodzimodzi ndi bodza. Ine ndikuona kuti macheza oterewa ndi imodzi mwa njira zochepa zimene tili nazo zophunzirira kuweruza khalidwe la munthu popanda kupweteka munthu aliyense, ndipo wokhulupirira Mulungu ndiye woyamba kuyenera kuwasamala.

Mlandu wa bodza ndi umene umatchulidwa kawirikawiri, komanso ndi wosavuta kuyankha. Lamulo la pa Eksodo 20:16 limaletsa kuchitira mnzako umboni wonama. Kuti mawu akhale bodza, wolankhula amayenera kudziwa kuti zimene akunenazo sizinachitike, n'kufunanso kuti womvera akhulupirire kuti zinachitika. Wokamba nthano safuna chachiwirichi. Agogo akati "Padangotelo," ana n'kuvomera kuti "Tilitonse," onse agwirizana poyera kuti zimene zikubwerazo n'zopeka, ndipo palibe wapusitsidwa. Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, ankakhwimitsa nkhani ya bodza mpaka sankalola ngakhale bodza lopulumutsira moyo wa munthu, komabe iye yemweyo anaphunzitsa kuti chopeka chimene chikuloza ku choonadi si bodza. Sakanatha kuphunzitsa mwina, chifukwa Yesu ankaphunzitsa ndi nkhani ngati ya mwana wolowerera ndi ya Msamariya wachifundo, ndipo palibe mlaliki amene amayamba wafufuza ngati anthuwo analikodi asanakwere pagome. Mbiri ya mabuku athu nayo ikuvomereza. Nthondo, buku limene ambiri amati ndi nthano yaitali yoyamba m'Chichewa, analemba ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa pa mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 mmishonale Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, mutu wake Man of Africa. Patapita zaka, a Popular Publications a ku Limbe, omwe anali m'manja mwa Akatolika a chipani cha Montfort, anasindikiza nthano za alembi a kuno, kuphatikizapo Njala Bwana la Willie Zingani. Mpingo umene ukukayikira nthano lero ukukayikira ntchito imene unaiyambitsa wokha.

Komatu chinthu chikhoza kukhala chosalakwika koma chopanda phindu, ndiye tiyenera kufunsa kuti phindu la macheza amenewa lili pati. Yankho lili m'kakhalidwe kathu. Ku Ndirande kapena ku Zingwangwa mabanja angapo amachita lendi mdadada umodzi, amatunga pampopi umodzi, amadikirirana pabafa limodzi. Ndewu ya usiku ya banja lina imamveka kuseri kwa khoma, ndipo pofika m'mawa imakhala itafika kumsika. Munthu sangathe kukhala osakamba za makhalidwe a anzake, poti ndi mmene timaphunzirira chabwino ndi choipa. Mwana amayamba kudziwa kuti kusakhulupirika n'chiyani pomva akuluakulu akukamba za wina amene sanakhulupirike. Vuto n'lakuti wokambidwayo ndi munthu weniweni. Ana ake amaphunzira limodzi ndi athu, ndipo dzina lake likada siliyeranso. N'chifukwa chake kalata ya Yakobo imayerekeza lilime ndi moto, ndipo Qur'an, mu sura 49, imati wojeda mnzake ali ngati wodya mnofu wa m'bale wake wakufa. Zipembedzo zonse ziwiri zikutiletsa miseche, koma njala yofuna kumvetsa anthu sizinaichotse, ndipo sizingaichotse. Nthano yaitali imatipatsa munthu amene tingamukambe mpaka tambala kulira popanda mwana wake kukachita manyazi kusukulu, chifukwa alibe abale m'dera lathu, alibe bwana womuchotsa ntchito atamva mphekesera. Kuonjezera apo, wamiseche amadziwa zochepa, zija anamva kuseri kwa khoma, pomwe wowerenga amalowetsedwa mumtima mwa munthuyo, amaona ubwana wake, mantha ake, ndi zimene ankaganiza asanachite choipacho. Nzeru zotere za mnzathu sitikhala nazo pa wina aliyense wamoyo, ngakhale amene timagona naye chipinda chimodzi.

Taganizani za Mchere wa m'buku la Tiyambe Zeleza, Smouldering Charcoal, lomwe linatuluka mu 1992 ndipo ambiri analiwerenga ku sekondale. Mchere ndi wantchito wa pakampani yophika buledi, amakhala m'komboni yosauka, amamwa mowa, ndipo mkazi wake Nambe amaona zakuda naye. Akanakhala woyandikana nafe nyumba, mawu amodzi akanamukwanira: chidakwa. Koma Mchere yemweyo ndi amene akuvutika ndi mwana wake wovulala kufunafuna thandizo kuchipatala, ndi amene akunyanyala ntchito pamodzi ndi anzake, n'kukapirira mazunzo a m'ndende limodzi ndi mtolankhani Chola. Mayi amene anakhalapo ndi mwamuna wotere akawerenga, amaima ndi Nambe ndipo safuna kumva za kulimba mtima kwa m'ndende. Bambo amene anagwirapo ntchito ya malipiro osakwana thumba la chimanga amaona munthu wofinyidwa amene ukali wake unasowa kolowera. Awiriwa akakumana, palibe angagonjetse mnzake, chifukwa umboni wa onse uli m'buku lomwelo, ndipo aliyense akhoza kutsegula tsamba n'kuloza. Amakakamizika kunyamula zoona ziwiri nthawi imodzi: kuti umphawi ndi ulamuliro wankhanza zinamuumba Mchere, komanso kuti Nambe sanayenere kulipira ngongoleyo. Luso limeneli timalisowa kwambiri. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitachoka ku Mulanje n'kufika mu Blantyre, anthu anaphedwa ndi magulu a anzawo amene anaweruza mlandu m'kanthawi kochepa, wopanda mboni, wopanda funso. Sindikunena kuti buku likanagwira dzanja la woponya mwala. Ndikunena kuti chizolowezi chofunsa kuti "nanga zisanafike apa panachitika chiyani?" sichibwera chokha; chimachita kuphunziridwa, ndipo malo ochiphunzirira mopanda ngozi ndi ochepa.

Ena adzati si mabuku onse ali ngati la Zeleza, ndipo akunena zoona. Pamulu womwewo wa m'khonde la sitolo pali manovelo a James Hadley Chase ndi a Mills & Boon, ndi ena oipirapo, amene amakometsa chiwawa kapena kuphunzitsa mtsikana kuti mwamuna wankhanza amasintha ukangomukonda kwambiri. Kholo lodandaula ndi mabuku otere lili ndi chifukwa. Koma njira yoletsa tinaiyesa kale. Kuyambira mu 1968, lamulo linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yosankhira Amalawi zoti awerenge, ndipo mndandanda wa mabuku oletsedwa unatalika. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zinachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, mwini wake n'kukhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Zaka zimenezo zinaphunzitsa anthu kunong'ona ndi kubisa, ndipo woletsayo, amene anayamba ndi kuteteza makhalidwe, anathera poteteza mpando. Paulo, pa 1 Atesalonika 5:21, analangiza okhulupirira kuyesa zinthu zonse n'kusunga zabwinozo, ndipo munthu sangayese chimene sanachione. Buku loipa limakhala ndi mphamvu likamawerengedwa mobisa pansi pa bulangete. Mtsikana akalitulutsa n'kuuza azakhali ake kapena mnzake wamkulu kuti mwamuna wa m'bukumo amamusangalatsa, mpata umapezeka woti wina amufunse kuti, "Nanga iwe atakukankha chonchi, ungati n'chikondi?" Chitetezo chenicheni cha wowerenga wamng'ono ndi wowerenga mnzake wokhwima maganizo.

Za kutaya nthawi sindichedwapo. Wogulitsa tomato pamsika wa Chilomoni amene akuwerenga podikira makasitomala sanabe nthawi ya munthu, ndipo amene amati wosauka aziganiza za mimba yokha akumuchepetsa kuposa mmene umphawi wamuchepetsera.

Chitsutso chimene chimandilemera n'china, ndipo chikuchokera kwa Augustine yemwe uja. M'buku lake la Confessions amadziimba mlandu kuti ali mnyamata ankalirira Dido, mfumukazi ya m'ndakatulo ya Virgil imene inadzipha chifukwa cha chikondi, pomwe za moyo wake womwe unkatalikira Mulungu sankakhetsa msozi. Uwu ndi mlandu weniweni. Kumvera chisoni munthu wa m'buku n'kotchipa: sadzagogoda pakhomo kudzapempha ufa, sadzabwereka ndalama ya minibasi. Munthu akhoza kulirira Nambe madzulo, m'mawa n'kudutsa mkazi wa nyumba yoyandikana, wotupa diso, osamupatsa moni. Choipa kwambiri n'chakuti misozi ya dzulo ija imamunamiza kuti ndi wachifundo. Amene amateteza mabuku ponena kuti kuwerenga kumakonza mtima pakokha sanayang'ane bwino anthu owerenga.

Nkhani ya pa 2 Samueli 12 ikuonetsa vutoli pamodzi ndi mankhwala ake. Davide atatenga Bateseba n'kukonza zoti mwamuna wake Uriya afere kunkhondo, mneneri Natani sanayambe ndi kumudzudzula. Anamukambira za munthu wolemera, wa ziweto zambiri, amene analanda kamwana kankhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka kuti aphere mlendo. Davide anapsa mtima n'kugamula kuti wolemerayo ngoyenera imfa. Apa nkhani yopeka inachita chimene chidzudzulo sichikanatha, chifukwa mfumu ikanamva dzina lake poyamba ikanadziteteza, kapena kuthamangitsa mneneriyo. Koma poti mlandu unali wa munthu wachilendo, chikumbumtima chake chinaweruza mosakondera. Komabe taonani pamene nkhaniyo inamusiya: ali wokwiya ndi munthu wina, akudzimva wolungama, osazindikira kanthu. Akanaimva yekha, akanakagona mokhutira kuti amadana ndi kupondereza osauka. Panafunika munthu wachiwiri woti amuuze kuti chigamulo chimene wapereka n'chake chomwe. Wowerenga payekha amafika pamene Davide anafika asanamve mawu omaliza a Natani, ndipo ambiri amathera pomwepo. Amene amakamba za buku ndi anzake ali ndi mwayi wopitirira, chifukwa mnzake amamudziwa. Bambo akamaikira kumbuyo Mchere mwamphamvu yodabwitsa, mkazi wake kapena mnzake wa paubwana amamva chimene chikubisala m'mawuwo, ndipo nthawi zina bamboyo amadzimva yekha ali mkati molankhula.

Ntchito ya Natani ili ndi ngozi yake. M'makomboni timadziwa kuphiphiritsa, ndipo buku likhoza kusanduka njira yatsopano yonyogodolera mnzako pagulu, kutchula Mchere uku maso ali pa wina. Zikatero tabwerera ku miseche, yovala chikuto. Natani analankhula ndi mwini wake maso ndi maso, ndipo analankhula kwa wamphamvu kuposa iye, moyo wake uli pachiswe. Woyenera kuuza mnzake kuti nkhaniyi ikumukhudza ndi yekhayo amene amalola kuuzidwa chimodzimodzi tsiku lina. Mipingo ya m'makomboni athu ili kale ndi magulu amene anthu amadziwana mpaka kufika pamenepo: miphakati ya Akatolika, milaga ya CCAP, amayi a Mvano, magulu a achinyamata. Anazolowera kukhala pansi, kuwerenga ndime, n'kufunsana. Gulu lotere litapatula mwezi umodzi kuwerenga Nthondo, lingakhale ndi zokamba zambiri za mnyamata wovuta amene anadzakhala mfumu ya mudzi n'kutembenuka mtima: kodi amene anawalakwira ali mnyamata anabwezeredwa chiyani, kodi mudzi unachita bwino kumupatsa udindo. Chovuta chidzakhala kwa wotsogolera, amene anazolowera kutseka mkangano ndi yankho lake. Pa buku lotere mtsikana wa Fomu 3 akhoza kuona chimene mkulu wa mpingo sanachione, n'kumulozera tsamba, ndipo mkuluyo adzayenera kutsegula n'kuwerenganso.