Kodi Dzina Langa Ndingalibwereketse?

Lero ndikufuna tikambe nkhani imene ambiri a ife kuno kunja timaidziwa bwino, koma sitiitchula pa guwa. Nkhani yake ndi ya kubwereketsa dzina.

Chakumapeto kwa 2021, titangotuluka m'mapemphero, mayi wina amene tinkapemphera naye anandikokera pambali. Anali atakhala kuno ku Dublin zaka zisanu ndi chimodzi opanda mapepala. Anandigwira dzanja nati, "Achemwali, inu zanu zonse zili bwino. Ndibwerekeni dzina lanu ndi nambala yanu ya PPS, ndizikagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba. Ndalama zikalowa kwa inu muzitapapo zanu. Ana anga awabweza kusukulu chifukwa cha fizi."

Ndinayankha kuti, "Amayi, pepani, zimenezo sindingathe." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Anatola chikwama chawo n'kumapita. Sabata yotsatira anakhala benchi ina.

Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Chinadzawonjezera moto n'chakuti masiku omwewo ndinaonera filimu ya 2015 yotchedwa Trumbo, yofotokoza moyo wa Dalton Trumbo, mmodzi wa akatswiri olemba mafilimu ku Hollywood. Mu Okutobala 1947, komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America inamuitanitsa pamodzi ndi anzake kuti anene ngati anali a chipani cha Komyunisiti. Iye ndi anzake asanu ndi anayi anakana kuyankha. Eni makampani a mafilimu anagwirizana zoti asawalembenso ntchito, ndipo mu 1950 Trumbo analowa m'ndende. Luso anali nalobe, koma dzina lake linasanduka chonyansa.

Apa m'pamene panaonekera mnzake, Ian McLellan Hunter, nayenso wolemba mafilimu. Nkhani ya filimu ya Roman Holiday, imene inatuluka mu 1953, anailemba ndi Trumbo, koma inagulitsidwa m'dzina la Hunter. Mphoto ya Oscar ya nkhaniyo inapita kwa Hunter. Nayenso Hunter anadzalowa m'kaundula womwewo wa oletsedwa. Trumbo anamwalira mu 1976, Hunter mu 1991, ndipo mkazi wa Trumbo, Cleo, analandira mphotoyo m'dzina la mwamuna wake mu 1993, onse awiri atagona kale.

Nditazimitsa TV ndinadzifunsa: munthu uyu anabwereketsa dzina lake kuti banja la mnzake lidye, ndipo lero dziko limamutama. Ine Mkhristu, ndakana. Kodi wachita chifundo ndani pamenepa?

Ndinatsegula Baibulo ndikuyembekeza kuti linditonthoza ndi lamulo loletsa umboni wonama. Koma Baibulo silinandipeputsire katundu. Pa Eksodo 1 pali anamwino anzanga, azamba awiri, Sifra ndi Puwa. Farao anawalamula kupha ana aamuna a Aheberi. Iwo sanaphe, ndipo atafunsidwa anapereka chifukwa chimene sichinali chenicheni. Mulungu anawachitira zabwino. Pa Yeremiya 36 pali nkhani yofanana kwambiri ndi ya Trumbo. Yeremiya sankaloledwa kulowa m'Nyumba ya Yehova, ndiye anaitana mlembi wake Baruki. Yeremiya ankalankhula, Baruki ankalemba, ndipo ndi Baruki amene anakaima pamaso pa anthu kuwerenga. Mfumu Yehoyakimu inadula mpukutuwo ndi mpeni n'kumaponya pamoto. Awiriwo anabisala, natenga mpukutu wina, nalembanso, nawonjezera mawu ambiri.

Choncho Mulungu sadana ndi munthu amene aima m'malo mwa mnzake wotsekedwa pakamwa. Ndiye ine ndinalakwa?

Yankho linayamba kuoneka nditakumbukira nkhani ya kwathu, imene imalumikiza Malawi ndi dziko lino la Ireland. Jack Mapanje anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku. Pa 25 Seputembala 1987 apolisi anamugwira ku Gymkhana Club ku Zomba, nakamutsekera ku Mikuyu popanda mlandu. Nthawi imeneyo, makolo athu amatiuza, munthu akatengedwa anzake ankawoloka msewu akaona mkazi wake akubwera. Kupereka moni kokha kunali kudziputira.

Koma pa koleji yomweyo panali mphunzitsi mnzake, wansembe wa ku Ireland wa chipani cha St Patrick cha ku Kiltegan, Bambo Pádraig Ó Máille, amene ambiri ankawadziwa ngati Bambo Pat O'Malley. Podziwa kuti mafoni ankamvetseredwa, anaimbira wansembe mnzawo ku Galway n'kulankhula m'chilankhulo cha makolo awo cha Irish, chimene omvetserawo sakanachimva. Uthenga unadutsa kwa Landeg White ku York, ndipo posakhalitsa wailesi ya BBC inalengeza kuti Mapanje wamangidwa. Munthu amene dziko lonse likumufunsa savuta kumutsekera, koma amavuta kumusowetsa. Mapanje anatuluka mu Meyi 1991, atakhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mu 1992, chaka chimene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ya nyengo ya Lenti, Bambo Ó Máille anathamangitsidwa m'Malawi.

Taonani chimene wansembeyu anachita. Anabisa mawu ake kwa ozunza, inde. Koma cholinga chake sichinali kukwirira dzina la Mapanje. Chinali kulikweza kuti lisafafanizike. Baruki nayenso, akalonga atamufunsa, ananena poyera kuti mawuwo anachokera pakamwa pa Yeremiya. Ngakhale nkhani ya Hunter inatha pamene dzina la mwini wake linabwerera pamalo pake. Ubwenzi wonsewu unkalowera kumodzi: kuti munthu woletsedwayo adzaimenso ndi dzina lake.

Kuchokera pamenepo ndinapeza mafunso awiri amene ndimadzifunsa tsopano.

Loyamba: kodi wonamizidwayo ndani? Azamba ananamiza Farao, wakupha. Hunter ananamiza amene anatseka pakamwa anzawo. Woonera filimu sanapwetekedwe, chifukwa nkhani imene analipira kuti aone anaionadi. Koma ine ndikanabwereketsa dzina langa, wonamizidwa akanakhala gogo wa zaka 88 amene sangathe kumeza bwino, amene chakumwa chake chiyenera kukhuthalitsidwa kuti asatsamwe. Gogo ameneyo ndi ana ake akhulupirira kuti amene ali pambali pa bedi usiku anaphunzitsidwa kunyamula wodwala, ndipo a Garda anafufuza mbiri yake. Pa ntchito yathu dzina limene lasainidwa pa fayilo ya wodwala ndi lonjezo: ndinalipo ndine, ndinaona ndine, ndifunseni ine. Gogoyo sanaletse munthu aliyense kugwira ntchito. Ndi wofooka kuposa tonse awiri, ndipo ndi amene akanasenza ngozi ya chifundo changa.

Lachiwiri: kodi thandizo langa limukweza mnzangayo kapena limukwirira? Tikudziwa tonse mmene zimathera. Wobwereka dzina amagwira usiku wonse, ndalama zimalowa mu akaunti ya wina. Mwini dzina akayamba kutapa theka, wobwerekayo alibe kokadandaula. Akathyoka msana ponyamula wodwala, pa pepala sanagwirepo ntchito pamenepo. Maubale angati athera pamenepa m'mipingo yathu ya kunja? Mayi aja akanasanduka mthunzi wanga, ndipo ine ndikanakhala ndi mphamvu pa iwo zimene Mkhristu sayenera kukhala nazo pa mnzake.

Koma ndisadziyeretse. Tsiku lija sindinakane chifukwa cha gogo wa zaka 88. Ndinakana chifukwa ndinkaopa kuchotsedwa m'kaundula wa NMBI, bungwe limene limatipatsa chilolezo anamwino ndi azamba kuno. Ndinaganiza za dzina langa, osati la mayiwo. Ndipo nditakana ndinamva ngati ndamaliza, ndasamba m'manja. Tchimo langa linali pamenepo. Kukana chinthu choipa si chikondi ayi. Wansembe ndi Mlevi aja a pa njira ya ku Yeriko sanabe kanthu, sananamize munthu, anangodutsa. Bambo Ó Máille akanatha kunena kuti iwo ndi mlendo, za ndale za eni dziko sizikuwakhudza. Paulo akuyamikira Onesiforo pa 2 Timoteo 1 chifukwa sanachite manyazi ndi unyolo wake, anamufunafuna mu Roma mpaka anamupeza. Ine mayi aja sindinawafunefune. Ndinalola kuti akhale benchi ina.

Pa 31 Januwale 2022 boma la Ireland linatsegula ndondomeko yopereka mapepala kwa anthu amene akhala m'dziko muno zaka zinayi opanda chilolezo, kapena zaka zitatu kwa amene akukhala ndi ana. Inali yotseka pa 31 Julayi chaka chomwecho, ndipo munthu mmodzi ankalipira €550. Ndinamanga mtima n'kuwaimbira foni. Sanayankhe kawiri. Kachitatu anati, "Mukufunanji?" Ndinati, "Amayi, dzina langa ndinakukanizani. Ndiloleni tikatenge lanu."

Tinakhala patebulo panga madzulo angapo tikusanthula majumbo a mapepala: makalata a kuchipatala, malisiti otumizira ndalama kumudzi, chilichonse chosonyeza kuti chaka ndi chaka analipo m'dziko muno. Pepala lililonse limene linathandiza linali lolembedwa dzina lawo lenileni. Za fizi ya ana ndi ndalama yolembetsera, amayi a mu mpingo tinasonkherana. Mapepala anawapeza. Koma ndikuuzeni zoona, mpaka lero sitinabwerere mmene tinalili. Amandipatsa moni, timaimba limodzi, koma miyezi ija imene ndinakhala chete anaiona, ndipo sindingawadzudzule.

Ndikudziwanso kuti ena mukuwerenga muli opanda mapepala, ndondomeko ija inatseka, ndipo njira simukuiona. Sindikulemba kuti ndikuweruzeni. Ndikulembera ife amene zathu zinayenda. Wina akadzakupemphani dzina, mukhoza kukana, ndipo mwina n'koyenera kukana. Koma musaime pomwepo. Mufunseni chimene chamufikitsa apo. Muperekezeni ku Migrant Rights Centre Ireland kapena kwa loya. Tsegulani chikwama. Khalani naye benchi imodzi Lamulungu, anthu aone.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene mumaitana nkhosa zanu iliyonse ndi dzina lake, tikhululukireni pamene tinasunga maina athu n'kuiwala a anzathu. Kumbukirani abale athu amene akukhala mobisala m'maiko a eni. Tipatseni nzeru yodziwa chimene tiyenera kukana, ndi mtima wosathawa tikakana. Amen.