Madzi Saiwala Khwawa: Za Rediyeta Yodontha

Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Mtswatswa wa chilombo galu uja adaumva, koma phulusa lofunda lidamuuza kuti agone pang'ono. Mwambi umenewu umandifikira ndikaona pikapu yakale ya dizilo itaima pamsika, pansi pake pali kachithaphwi, mwini wake akuthira madzi ena ndi chigubu uku akunena kuti, "Ikuyendabe, tidzakonza tikagulitsa fodya." Ana anga, madzi akudonthawo ndiwo akusunga injini, ndipo injiniyo ndiyo ikudyetsa banja.

Magalimoto amenewa tonse timawadziwa: Toyota Hilux ya injini ya 2L, 3L kapena 5L, Isuzu KB, Nissan Hardbody ya TD27. Ambiri adapangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, koma mpaka lero ndiwo amanyamula feteleza, mabelo a fodya opita ku Kanengo, matumba a chimanga, odwala, ngakhalenso maliro. Adatchuka ndi kulimba, ndipo kulimbako n'kumene kumagoneka eni ake tulo. Injini ya dizilo imapirira fumbi, katundu wolemera ndi msewu wokumbika. Chimodzi chokha siipirira: kutentha kopyola muyeso.

Mafuta akamapsa m'injini, si mphamvu yonse imene imafika kumatayala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limasanduka kutentha koti madzi akunyamule. Pampu imazunguza madziwo m'thupi la injini n'kuwatumiza ku rediyeta, kumene amadutsa m'timapaipi tambirimbiri, mphepo ya fani n'kumawaziziritsa. Tsono pali chinthu chimene ambiri sachisamala, ndicho chitsekerero cha pamwamba pa rediyeta. Ntchito yake sikungotseka ayi. Chili ndi sipuling'i yopanikiza madzi, ndipo pa magalimoto ambiri otere chimalembedwa kuti 0.9 kapena 1.1. Madzi a mumphika wosavundikira amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma ku Lilongwe, kumene n'kokwera mamita opitirira 1,000, amawira asanafike n'komwe pamenepo. Akapanikizidwa ndi chitsekerero chabwino amapirira mpaka pafupifupi madigiri 120. Choncho kabowo kakang'ono kamaba pawiri: kamataya madzi, kamatayanso mphamvu yopanikiza ija, madzi otsalawo n'kuyamba kuwira msanga.

N'chifukwa chake galimoto yodontha imaoneka yabwino m'tauni, koma imakaulula matenda ake pachitunda. Funsani amene amakwera kuchokera ku Chikwawa kudzera pa Thabwa m'mwezi wa Okutobala, kapena pa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, kapena pa Chiweta ku Rumphi. Pamenepo injini imakoka ndi mphamvu zonse, liwiro lili lochepa, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepanso. Ndipo musadalire geji yokha. Madzi akatsika kwambiri, kachipangizo koyeza kutentha kamatsala pouma, muvi n'kumaonetsa ngati zonse zili bwino pamene hedi ya injini ikupsa. Amati tsoka silinunkha, koma ili limanunkha ndithu: kafungo kotsekemera kochokera kuboneti, zoyerayera kapena zobiriwira zouma m'mphepete mwa thanki ya rediyeta, madzi oti muwonjezere m'mawa uliwonse. Amene ali ndi mphuno ndi maso wachenjezedwa kale.

Galimoto ikakuwirirani panjira, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Imani pambali, ilekeni izizire. Musatsegule chitsekerero injini ili yamoto, chifukwa madzi opanikizidwa aja amatumphuka ndi nthunzi n'kusupula nkhope ndi manja. Musakhuthulire madzi ozizira m'injini yotentha imene yauma, pakuti chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka. Hedi zambiri zafa ndi ndowa ya madzi yothiridwa ndi munthu wachifundo koma wopupuluma.

Mukafika kugalaja, musathamangire kuweruza rediyeta. Kudziwa mphafa ya buluzi n'kumung'amba. Madzi amatsata mbali mwa chitsulo n'kukadonthera kutali ndi pamene atulukira. Mwina wolakwa ndi paipi ya labala yofufuma, kapena chomangira chake chomasuka, kapena pampu imene yayamba kulira misozi pa kabowo kake ka pansi, kapena chitsekerero chotha labala. Makaniko wodziwa ntchito amapopera mpweya m'njira ya madzi injini ili yozizira, n'kuona pamene pakutuluka. Akaichotsa rediyeta amaitseka kukamwa konse, kuipopa ndi kuimiza m'madzi monga timachitira ndi chubu cha njinga, thovu n'kuloza bala. Afunikanso kuyang'ana ngati gasiketi ya hedi ili moyo. Thovu losalekeza pakamwa pa rediyeta injini ikulira, utsi woyera wosatha kumbuyo, oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka, zonsezi zikunena kuti vuto lalowa m'kati. Zikatero, ngakhale mugule rediyeta yatsopano, mpweya wochokera m'masilinda udzaiphulitsanso.

Tsono funso lalikulu ndi ili: tikonze kapena tigule ina? Yankho lili pa chimene rediyetayo idapangidwira. Zakale zambiri ndi za mkuwa, mathanki ake omatidwa ndi mtovu. Zimenezi zidapangidwa kuti zizikonzedwa. Mmisiri waluso, monga amene amapezeka ku Biwi kapena ku Ndirande, amatha kusungunula mtovu, kuchotsa thanki, kutokosa timapaipi timodzitimodzi ndi kachitsulo kopyapyala kuti litsiro lichoke, n'kumatanso bwinobwino. Ngati mng'alu uli pamsoko kapena pakhosi pa chitsekerero, kuwotcherera kumagwira zaka. Kapaipi kamodzi kapena tiwiri tikabooka, amatha kutitseka, galimoto n'kumayendabe. Koma mukamatseka lero titatu, mawa tinayi, dziwani kuti mukuchepetsa njira ya madzi, ndipo chitunda chidzakufunsani. Gwirani ndi chala timasamba topyapyala tapakati pa timapaipi. Tikamayoyoka ngati tavunda, mkati monse mwatha, ndipo chofunika n'kuikamo mkati mwatsopano kapena kugula ina.

Zamasiku ano ndi za aluminiyamu, mathanki ake a pulasitiki ofinyiridwa ndi timano tachitsulo pamwamba pa labala. Pulasitiki imeneyi imakalamba ndi kutentha. Ikasintha mtundu kuchoka pakuda kupita kofiirira, yauma, ndipo pong'aluka sipakhala pamodzi. Mumata apa, mawa yatsegula apo. Madzi saiwala khwawa, ana anga. Pamene adadutsapo kamodzi adzabwereranso, ndipo adzasankha tsiku limene mwanyamula katundu wambiri. Thanki yotere imafuna kusinthidwa yonse, ndipo ngati timano taja tafooka, gulani rediyeta ina mtima uli m'malo.

Sindikunyoza nzeru za panjira. Sopo wopaka pabowo, dzira loswera m'madzi, guluu wa zitsulo uja, zonsezi zafikitsapo anthu kwawo usiku. Koma chigamba chotere n'chokufikitsani pakhomo basi. Dzira kapena mankhwala otseka mabowo sadziwa kusiyanitsa bowo loipa ndi kapaipi kabwino kamene kachepa kale ndi litsiro. Zimatseka zonse. Mwafika kunyumba, thokozani, ndipo m'mawa mwake kaichotseni rediyetayo ikatsukidwe.

Pogula ina, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunyezimira kwa penti sikuziziritsa injini. Tengani yakaleyo mukaiyerekeze ndi yatsopano: kutalika, kunenepa kwa mkati mwake, mizere ya timapaipi, malo otulukira mapaipi ndi pomangira. Yopyapyala kuposa imene idabwera ndi galimoto ikhoza kukwana pamalo koma n'kulephera ntchito. Yogwiritsidwapo kale ntchito muiyese ndi mpweya musanapereke ndalama. Ngati galimoto ndi ya giya yodzisintha yokha, onetsetsani kuti ili ndi timapaipi toziziritsa oyilo wa giyabokosi. Safunsa adadya phula, choncho funsani mpaka mumvetse.

Poika, musaumire pa tizinthu totsika mtengo. Tsukani njira zonse za madzi mpaka atuluke oyera. Sinthani mapaipi olimba gwa kapena ofewa kwambiri, ikani chitsekerero chatsopano cha muyeso woyenera, bwezerani timalabala tokhalira rediyeta, pakuti popanda ito kugwedezeka kwa msewu wafumbi kumang'amba misoko. Chikombole chozungulira fani musachitaye, ndicho chimakakamiza mphepo kudutsa m'rediyeta m'malo mozembera m'mbali. Palinso chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lathu n'lotentha. Kachipangizoka kamatseguka madzi akafika madigiri a m'ma 80, kuti injini izigwira ntchito pa kutentha koyenera. Mukakachotsa, injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, imatha msanga, ndipo vuto lenileni lija mwangolibisa. Kakafa, gulani kena. Mukadzaza madzi, lizani injini kufikira mpweya wotsekeredwa utatuluka, ndipo ikazizira muonenso muyeso.

Nanga madziwo ndi otani? Apa ndi pamene rediyeta zambiri zimayambira kufa. Madzi a pamjigo amakhala ndi miyala yosungunuka imene imakanirira m'timapaipi, ndipo madera ena a m'chigwa cha Shire madzi ake ndi amchere, odya chitsulo. A mumtsinje amabwera ndi matope. Mankhwala aja a coolant ena amati ndi a kumaiko ozizira okha, koma m'kati mwake muli zoteteza ku dzimbiri, ndipo amathandizanso kuti madzi asawire msanga. Sakanizani ndi madzi oyera monga mwa malangizo a pabotolo, ndipo muzisintha pakapita zaka ziwiri kapena monga alembera. Dziwaninso kuti mankhwalawa ndi poizoni wotsekemera. Otsala kapena okhetsedwa musawasiye m'beseni pabwalo pamene mwana kapena chiweto chingamwe.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, ndipo amene amazengereza sachita dala. Koma yerekezani nokha mtengo wa rediyeta ndi mtengo wa hedi, gasiketi, mapisitoni ndi malipiro a makaniko, muonjezepo masabata amene galimoto idzakhale pamiyala makasitomala akupita kwa ena. Mwezi umene injini yanoka ndi umene fizi ya ana imasowa. Pang'onopang'ono ndi mtolo: paulendo uliwonse patulani kangachepe, mukasunge padera, muzikatcha ndalama ya galimoto, ndipo musakakhudze ngakhale pabwere chinkhoswe. Galimoto idakugwirirani ntchito, nayonso ili ndi gawo lake pa zimene yapeza. Mukatero, tsiku limene mmisiri adzakuuzeni kuti iyi yatha, simudzamupempha kuti angomata. Mudzamufunsa kuti yabwino ikupezeka kuti.