Kodi Wogona Angapalamule Mlandu?

Usiku wina m'chaka cha 1987, mwamuna wina wa kufupi ndi mzinda wa Toronto ku Canada adadzuka, nayendetsa galimoto makilomita oposa 20, nakapha apongozi ake aakazi. Kenaka adakadzipereka yekha kupolisi, manja ali magazi okhaokha. Madokotala adachitira umboni kuti adachita zimenezi ali m'tulo, pakuti mbali ya ubongo yoyendetsa thupi ingathe kudzuka pamene mbali yolingalira ikali chigonere. Bwalo lidammasula, ndipo mu 1992 bwalo lalikulu la dzikolo lidavomereza chigamulocho.

Chigamulochi nchomveka, chifukwa popanda cholinga lamulo silipeza wolakwa. Komabe maliro adachitika, ndipo dzanja lidagwira mpenilo silidali la mlendo. Oweruza adamchotsera chilango, koma sakadatha kumuuza mawu oti akanene kwa mkazi wake, mwana wa malemuwo.