Wophika Apuma Liti?

Nthawi ya chilimwe, pampata wa Fort Lister pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamadutsa anthu a mitundu iwiri okwera phiri limodzimodzi. Ena ndi amayi a m'midzi yathu ino, nkhata ndi chikwanje m'manja, opita kunkhuni. Ena ndi alendo, azungu komanso masiku ano Amalawi anzathu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, opita kukagona ku kanyumba ka Sombani. Kumeneko kulibe wowaphikira. Mlonda amangowapatsa nkhuni ndi madzi, chakudya amabwera nacho okha, amasonkha moto okha, utsi n'kumawaliza misozi monga umatiliza ife. Ndipo amalipira ndalama kuti achite zimenezi. Chitunda ndi chimodzi, thukuta ndi lomwelo, koma potsika wina amati wapumula, wina amati msana wathyoka.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wa Mvano, ndipo kuyambira ndili mtsikana ndakhala ndikumva maulaliki a tsiku la Sabata. Koma amene anandichititsa kuganiza mofatsa za kupuma si mbusa ayi. Ndi mwana wanga wamkazi, namwino, amene amagwira ntchito ku Scotland. Mwezi wa Julaye wina ananditumizira zithunzi pa WhatsApp ali ndi banja lake ku Anstruther, kamudzi ka asodzi m'mbali mwa nyanja yamchere m'dera la Fife. Anachita lendi kanyumba kwa sabata imodzi. Adzukulu anga ankakola nkhanu pakhoma la doko, ankayenda mtunda m'kanjira ka m'mphepete mwa nyanja atavala majuzi, chonsecho akuti ndiyo nyengo yawo yotentha. Pachithunzi china panali mphika pa chitofu ndi mbale zosatsuka.

Ndinamuimbira. "Iwe mwanawe, ndalama zonsezo n'kukalipira nyumba yopanda wophika? Kuphika sukuphika kwanu komwe?"

Anaseka. "Amayi, kuno palibe amene akundiitana. Ndikafuna ndiphika, ndikapanda kufuna tigula nsomba yokazingakazinga padoko. Ndiponso sabata ino akuphika ndi bambo a ana."

Mayankho ake awiriwo ndi amene ndakhala ndikuwasinkhasinkha. Mlendo wa ku Sombani akatopa amakhala pamwala, ndipo akafuna atha kubwerera osafika, palibe amene agone ndi njala. Mayi wa nkhuni akabwerera chimanjamanja, madzulo ake moto suyaka. Kusiyana kwawo sikuli m'miyendo kapena m'mapewa. Kuli pakuti wina ali ndi ufulu wotula katundu, winayo alibe. Ndiye ngati kupuma kuli ufulu wotero, funso lachipembedzo limasintha. Sitingayambe ndi kufunsa munthu kuti bwanji sukupuma. Tiyambe tafunsa kuti amene wagwira chingwe cha mpumulo wake ndani.

Anthu a ku Scotland nawonso sanabadwe ndi tchuthi. David Livingstone anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa kwawoko ali ndi zaka 10, kulowa 6 koloko m'mawa, kuweruka 8 koloko usiku. Pambuyo pake ogwira ntchito m'mafakitale a ku Glasgow anakhala ndi mwambo wotseka ntchito masabata awiri mu Julaye, mabanja n'kukwera sitima zapamadzi pa mtsinje wa Clyde kupita ku Rothesay ndi ku Dunoon. Koma ambiri masiku amenewo sankalipidwa, ndipo lamulo lokhudza tchuthi cholipidwa ku Britain linadza mu 1938. Ndimadzifunsanso kuti m'tizipinda ta lendi ta ku Rothesay, amuna ali kugombe, ankasenda mbatata ndani. Yankho ndikulidziwa ngakhale sindinafikeko.

Anthu omwewa ndi amene anatibweretsera Sabata. Anafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ndipo pofika 1899 anali atamanga kanyumba kopumulirako pamwamba pa Lichenya, kamene mpaka lero ndi ka mpingo wa CCAP. Sindiwadzudzula pofuna mpweya wozizira, pakuti anzawo ambiri anali atagona m'manda ndi malungo kunyanja. Koma katundu wawo sankauluka. Ankakwera pamitu ya amtengatenga. Ndipo m'zaka zomwezo agogo athu Alomwe, pothawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankafikira m'minda ya azungu n'kumalipira malo ndi thangata. Munda wa Likulezi, kuno kwathu komwe, unali wa kampani ya A. L. Bruce, banja la mkamwini wa Livingstone, eni ake a Magomero kumene kunabuka nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Agogo anga aakazi ankasimba kuti Lamulungu linali tsiku lokhalo lolima munda wawo, chifukwa masiku ena onse anali a bwana. Kwa iwo belu la tchalitchi linkatanthauza kusankha pakati pa Mulungu ndi chimanga. Wolalikira kuti asagwire khasu anali kunena zoona, koma anali kuuza munthu wolakwika.

Ndikuti wolakwika chifukwa lamulolo, mukaliwerenga bwino, silikuyankhula ndi kapolo. M'buku la Eksodo mutu 20 chifukwa cha Sabata ndi chakuti Mulungu anapumula atalenga. Koma m'buku la Deuteronomo mutu 5 chifukwa chake ndi china: Aisraele akukumbutsidwa za ukapolo wawo ku Ejipito, ndipo akuuzidwa kuti wantchito wawo wamwamuna ndi wamkazi apume monga iwo, ng'ombe ndi bulu zomwe, mlendo yemwe. Bulu sangadzimasule yekha pangolo. Lamulo likulunjika kwa mwini ngolo. Sabata ndi chinthu chimene wamphamvu amapereka kwa amene ali pansi pake, ndipo akapanda kupereka, wochimwa ndi iyeyo, osati wogwira ntchitoyo.

Pali ndime ina imene sindinaimvepo ikulalikidwa pa guwa lathu, ya mu Eksodo 35, yoletsa kusonkha moto m'nyumba pa tsiku la Sabata. Ndili mtsikana ndinkaiona ngati nkhanza chabe, lamulo lodyetsa anthu chakudya chozizira. Nditakwatiwa ndinaimva mwina. Kumene moto sunayake kulibe wopita kunkhuni, kulibe wogwada pamafuwa, kulibe wovundula nsima ya anthu khumi ndi mthiko, kulibe wokwecha mphika ndi mchenga. Amene anapereka lamulo limeneli anaganizira wophika. Anzathu a Seventh Day, amene ambiri a iwo amaphikiratu Lachisanu dzuwa lisanalowe, tinkawanena kuti ndi okhwimitsa zinthu. Pankhani iyi yokha ndimaona kuti akazi awo anapata.

Ife a Lamulungu taonani mmene timachitira. Bambo amadzuka, madzi osamba ali kale kubafa, malaya ositasita ali pampando. Mayi anadzuka tambala woyamba, wapita kumjigo, wasambitsa ana, wateleka nyemba kuti zizipsa ali kutchalitchi. Ulaliki uli mkati, maganizo ake ali pa mphika, kuti kaya madzi aphwera. Kukakhala alendo a ku presibitale kapena mwambo wa pepala Sande, amayi a Mvano timamva Mawu kudzera pazenera, tili kuseri ndi nkhuku ndi utsi. Madzulo bambo amati, "Lero tapumulako." Sanama. Iwo apumuladi.

N'chimodzimodzi ndi maulendo a kunyanja amene afala masiku ano. Nyengo ya Khirisimasi mabanja ndi makwaya amasonkherana, kubwereka minibasi, ulendo wa ku Mangochi kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Ndalama zodyera kuhotela palibe, choncho pamwamba pa galimoto pamakhala mbaula, thumba la makala, ufa ndi mapoto. Kufika kugombe ana amathamangira m'madzi, abambo amakatsatsa chambo kwa asodzi n'kukhala pamthunzi, amayi timafunafuna pobisalira mphepo kuti makala ayake. Ndinaonapo mayi wina amene anayenda ulendo wonsewo n'kubwerera osaviika ngakhale phazi m'nyanja. Khitchini yake inangosamuka kuchoka ku Migowi kupita pamchenga.

Wina anganene kuti ndikufuna Sabata lokhwima ngati la ku zilumba za ku Scotland. Ayi. Kumeneko, pachilumba cha Lewis, zisudzo za ana m'mabwalo osewerera ankazimanga ndi unyolo Lamulungu, ndipo sitima yapamadzi ya ku Stornoway inayamba kuyenda tsiku limeneli mu 2009. Mu 1965 mbusa wina, Angus Smith, anagona pansi padoko la Kyleakin kutsekereza magalimoto otsika m'boti loyamba la Lamulungu lopita ku Skye, mpaka apolisi anachita kumunyamula. Kulimba mtima kwake ndimakulemekeza, ndipo woyendetsa boti uja mwina analidi wofunika tsiku lopuma. Koma mwana woletsedwa kusewera sanapatsidwe mpumulo uliwonse. Kuno kwathu mtima womwewo umaoneka pamene akulu ampingo aitanitsa msodzi wa ku Chilwa kuti afotokoze chifukwa chimene sanaonekere kutchalitchi. Munthu uja amakhala masabata pa zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa mabango, kusaka matemba ndi milamba m'nyanja imene inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso pafupifupi yonse mu 2018. Nthawi zambiri bwato si lake, ukonde si wake. Seshoni ikafuna kufunsa za Sabata, iitane mwini ukonde, amene mwina wakhala pabenchi lakutsogolo.

Chonditsutsa chachikulu ndimachidziwa, ndipo anandiuza ndi mchemwali wanga wa ku Nkhulambe, amene munda wake unakwiririka ndi miyala pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anati, "Achemwali, kupuma n'kwa okhuta." Sindinamuyankhe msanga. Ife a ku Phalombe tinaona napolo wa mu Malichi 1991 akutsika m'Michesi ndi kukokolola midzi, anthu mazanamazana osaonekanso. Pambuyo pa zotere munthu sawerenga masiku a sabata, amawerenga zitini za chimanga. Komanso pali kukhala kwina kumene sikupuma. Anyamata amene amaswera pa Migowi atatsamira njinga za kabaza, opanda wokwera, manja awo ali chete koma mtima uli pa liwiro. Uwauze za Sabata, adzakuuza kuti sabata yawo yonse ndi Sabata ndipo atopa nalo.

Malemba sanazembe vuto limeneli. Eksodo 34 amalamula kupuma ngakhale nyengo yolima ndi yokolola, nthawi imene mlimi aliyense amadziwa kuti tsiku limodzi lotayika ndi udzu m'munda. Koma m'nkhani ya mana, lamulo lopuma linabwera pamodzi ndi muyeso wa masiku awiri pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mulungu sanalamule anthu kupuma ndi njala. Mana sagwanso ku Phalombe, choncho muyeso wachiwiriwo uyenera kuchokera m'thumba la munthu. Lamulo la ntchito la dziko lino la mu 2000 limapereka masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Ife aphunzitsi tinali ndi matchuthi athu. Waganyu amene amandipalilira nandolo amalipidwa pa mzere, ndipo tsiku limene sanagwire khasu ndi tsiku lopanda ndiwo. Mtsikana wantchito m'nyumba zambiri za Akhristu amatsala akuphika banja lili kutchalitchi. Ngati malipiro a masiku asanu ndi limodzi sakwana kudya masiku asanu ndi awiri, amene waphwanya Sabata ndi wolipirayo, ngakhale akhale woyambitsa nyimbo.

Yesu naye anatengapo ophunzira ake paulendo wokapuma. Marko 6 amasimba kuti anthu anachuluka mpaka iwo kusowa mpata wodya, ndipo anawatenga pa ngalawa kupita kumalo kwa okha. Tchuthicho sichinatheke, khamu linawatsogolera pamtunda, ndipo ophunzira otopa aja anathera kugawa chakudya kwa anthu 5,000. Koma nkhani imene ndimaikonda ili mu Yohane 21. Asodzi agwira ntchito usiku wonse, afika kugombe, apeza makala ayaka kale, nsomba ili pamoto, mkate uli pambali. Wasonkha motowo ndi Ambuye wouka kwa akufa. Pa onse amene anali pagombe paja, wamkulu ndiye anaphika kuti otopa akhale pansi.

Nkhani imeneyi ndinaiwerenga pa msonkhano wokonzekera ulendo wa kwaya yathu wa kunyanja, n'kupempha kuti pa masiku awiriwo, limodzi aphike abambo. Panali phokoso. Mkulu wina wampingo anati, "Mayi, mukufuna mutichititse manyazi pamaso pa akazi athu?" Mayi wina wachikulire anakana kwamtuwagalu, nati mphika wake sugwiridwa ndi mwamuna iye ali moyo, ndipo ndinaona kuti kwa iye khitchini ndi ufumu wake umene safuna kulandidwa. Sindinamukakamize. Koma abusa anavomera, ndipo anayamba iwo kukupiza mbaula. Nsima inatuluka yosapsa pakati, chambo china chinapserera, mpunga unali phala. Amayi asanu ndi mmodzi analowa m'madzi ndi zitenje zawo mpaka m'chiuno, akukuwa ngati ana. Mayi wachikulire uja anakhala pafupi ndi moto tsiku lonse akulangiza abusa kathiridwe ka mchere, ndipo pobwerera anandiuza kuti chaka chamawa abambowo ayambe aphunzira kunyumba, asadzationongerenso ufa.