Tili tonse wa ku Joubert Park

 Madzi a tiyi asanawire, tiyeni tipite ku Joubert Park, mu Johannesburg.

Kusanache kumeneko nkhunda zimayamba kulira m'mitengo, kenako mahutala a mataxi, kenako mayi akupemerera makala pa mbaula ndi kachidutswa ka katoni. Amalawi ambiri otsika basi ku Park Station amadutsa apa mothamanga, chikwama atachikumbatira pachifuwa, osamva kanthu.

Chapafupi pomwepo pali Drill Hall, momwe mlandu woukira boma wa Nelson Mandela ndi anzake unayambira mu 1956. Mu 2008, Rangoato Hlasane ndi Malose Malahlela anatsegulamo laibulale yotchedwa Keleketla! Mu Chipedi, mawuwa ndi amene omvera nthano amayankhira wofotokoza, monga ife timanenera kuti "tili tonse" agogo akati "padangokhala."

Mu 2020 dzinali linatuluka pa chimbale chomwe oimba osiyanasiyana anapanga limodzi ndi Coldcut a ku London, akatswiri oduladula mawu pa kompyuta. Muli gitala ya Sibusile Xaba, ng'oma za Thabang Tabane, ndi Tony Allen wa ku Nigeria, yemwe anamwalira mu Epulo chimbalecho chisanatuluke. Nyimbo zina zimazunguza khutu poyamba, sindikubisirani. Koma chimandisangalatsa n'chakuti makina akuyankha ng'oma, sakuilamula.

Inu amene muli ku Joni m'mawa uno, vulani mahedifoni mukamadutsa pakiyo, mumve nkhunda mataxi asanazimeze.